Mwana akugona bwino chafufumimba, koma anamwino akuti chagada

Ntchembere yatsopano:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wachisamba ali ndi masabata asanu. Ndikamugoneka chagada amadzidzimuka, timanja m'mwamba, kenako kulira. Apongozi anga akamugoneka chafufumimba amagona bwinobwino, ndipo iwo akuti chagada angatsamwe akabweza mkaka. Anamwino anati chagada basi. Ndimvere ndani? China, usiku ndimayamwitsira pa sofa kuti ndisadzutse bambo ake, ndiye nthawi zina ndimadzidzimuka khosi litapindika, mwana ali pachifuwa. Thupi lonse lili zii.

Mzamba wopuma pantchito:
Pepani mayi ndi kutopako. Ndiyambe ndi sofa, chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akagona, manja amalefuka, mwana n'kutsetserekera pakati pa thupi lanu ndi khushoni, mphuno n'kutsekeka. Khanda la msinkhu umenewo silingathe kudzutsa mutu n'kudzipulumutsa, ndipo mwina silingalire n'komwe. Lekani lero lomwe.

Za kutsamwazo, apongozi anu akunena mwachikondi, nafenso tinakula tikumva zomwezo. Koma mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, choncho mkaka wobwezawo umatsikira komwe unachokera, wina amaumeza kapena kuulavula. Akagona chafufumimba njirazo zimasinthana malo. Ndipo tulo tatikulu timene mukutisirirato ndi timene tili ndi vuto: mwana amavutika kudzuka mpweya ukamuchepera. Kudzidzimuka kumene kukukutopetsaniko kumamuteteza. Ku United Kingdom anayamba kulimbikitsa zogoneka ana chagada mu 1991, ku United States mu 1994, ndipo imfa zadzidzidzi za makanda ali mtulo zinatsika ndi kuposa theka. Zambiri mwa imfazi zimachitika mwana asanakwanitse miyezi 6, makamaka pakati pa miyezi 2 ndi 4. Wanuyo akulowera kumeneko.

Pogona pake pakhale matiresi olimba, osapendekeka, opanda pilo kapena zidole, m'chipinda chomwe mukugona inuyo. Kabulangete kopepuka kalekezere pachifuwa, kumutu osafunda. Chammbali ayi, amagubuduka.

Bambo wa ana awiri:
Mayi, pondikhudza ine ndi poti "ndisadzutse bambo ake". Adzutseni! Mwana ndi wa anthu awiri. Kwathu mayi ankangoyamwitsa ali chigonere, ine n'kumutenga mwana, kumugeyetsa, kusintha thewera, kumuyendetsa mpaka atagona. Ndinkapita kuntchito maso ali psuu, koma sindinafe nazo. Khanda limayamwa kasanu ndi katatu mpaka ka 12 pa tsiku, munthu mmodzi sangazithe zonsezo kuphatikizapo kuchapa ndi kuphika. Apongoziwo, poti mwana amawakonda, azimunyamula masana inu mukagoneko maola awiri chitseko chotseka.

Mayi wa mapasa:
Amzamba anena zoona, koma tisanamizane asisi, ambirife tulo timatipeza mwana ali kubere. Ndiye bola kukonzekeratu. Mukaona kuti zikope zikulemera, yamwitsirani pabedi, mutachotsa mapilo ndi zofunda zolemera pafupi naye, pasakhale mpata pakati pa bedi ndi khoma. Mukadzidzimuka, mubwezereni pakabedi kake chagada. Koma ngati wina pabedipo wamwa mowa, amasuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa, kapena mwana anabadwa masiku asanakwane kapena osafika makilogalamu 2.5, musayerekeze kugona naye limodzi.

Kutentha muziyeza pogwira pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati timanja, timeneto timazizira nthawi zonse. Akakhala ndi thukuta chotsani chovala chimodzi. Ndipo inuyo mukupeza bwanji mumtima? Ngati kulira ndi kusowa chimwemwe kwapitirira masabata awiri, kauzeni achipatala, amathandiza.

Ntchembere yatsopano:
Zikomo nonse, bambo ake ndawawerengera zimenezi mokweza. Nanga akadzayamba kudzitembenuza yekha, ndizidzukira kumubweza?

Mzamba wopuma pantchito:
Akamatha kutembenukira mbali zonse ziwiri yekha, kawirikawiri cha m'ma miyezi 5 kapena 6, musiyeni. Inu muzimuyambitsa chagada mpaka chaka chikwane. Ngati mumamukulunga m'nsalu, musiye kumukulunga akangoyamba kuyesa kugubuduka. Masana ali maso, muzimuika chafufumimba kwa mphindi zochepa inu mukumuyang'ana, kuti khosi lilimbe. Ntchito imeneyo apatseni apongozi.