Mwana wanga ali ndi chithokomiro, tsopano akuti amupimenso m'matumbo: zikugwirizana bwanji?

Funso (membala wosatchula dzina, Kasungu): Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anayamba kutupa pakhosi chaka chatha, ndipo atamuyeza magazi ku Lilongwe anatiuza kuti ndi matenda a Hashimoto, amene chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro cha mwiniwake. Kunyumba kuno ku Santhe anthu ankanena kuti ndi kusowa kwa ayodini, koma ife mchere wa ayodini ndi umene timathira m'ndiwo kuyambira kale. Wakhala akumwa mapiritsi a levothyroxine, olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, m'mawa uliwonse kwa miyezi 8, mlingo auwonjezera kawiri, koma TSH, homoni ya m'magazi imene imakwera chithokomiro chikamagwira ntchito moperewera, sikutsika monga adokotala ankayembekezera. Mwanayo sakukula, mimba imafufuma, magazi ndi ochepa ngakhale anamwa mankhwala owonjezera magazi, ndipo a njoka zam'mimba tinamupatsa kawiri konse.

Tsopano akuti amuyeze matenda a m'matumbo otchedwa celiac, obwera chifukwa cha tirigu, koma atiletsa kumusiyitsa buledi ndi mandasi mpaka atayezedwa. Bambo ake akuti zimenezi n'zosamveka, pakuti chinthu chimene ukuchikayikira sungapitirize kudyetsa mwana. Ineyo ndasokonezeka. Khosi ndi matumbo zikukhudzana pati, nanga tikasiya tirigu chithokomirocho chidzatha?

Yankho (wogwira ntchito zachipatala, Mchinji): Mayi, adokotalawo anena zoona, ndipo bambo a mwana muwafotokozere modekha. Kuyeza magazi kofufuza celiac, kotchedwa tTG-IgA, kumayang'ana asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi gluten, puloteni wa mu tirigu, balere ndi rye. Mukamusiyitsa tirigu lero, asilikaliwo amachepa, zotsatira zimatuluka ngati alibe vuto, ndiye ndalama ya thiransipoti ndi ya kuyezako yapita pachabe.

Matenda awiriwa ali ndi muzu umodzi, chibadwa chimene chimachititsa chitetezo cha m'thupi kusokonezeka, n'chifukwa chake mwana amene ali ndi amodzi amayezedwanso enawo, monga momwe timachitira ndi ana odwala shuga wa mtundu woyamba kapena a Down syndrome. Pa anthu wamba, celiac imapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, koma pakati pa odwala Hashimoto imachuluka kangapo. Chimene chandikopa m'nkhani yanu ndi mlingo wokwerakwerawo. Celiac imaphwanya timinofu tating'ono ta m'matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya, ndipo levothyroxine ndi ayironi (amene amakhala m'mankhwala owonjezera magazi) zimayamwidwa komweko, choncho mwana angathe kumamwa mapiritsi mokhulupirika pamene ochuluka akungodutsa.

Musayembekezere kuti kusiya tirigu kudzachiza chithokomiro, ndipo mapiritsiwo musawasiye. Matumbo akapola, mlingo ungafunike kutsitsidwa, ndiye TSH iyezedwenso. Ndifunsenso: amamwa nthawi yanji, nanga amadya chiyani akangomwa?

Yankho (mayi wa ku Nkhamenya): Wanga anamupeza ndi celiac ali ndi zaka 6. Ndinkaopa kuti adzafa ndi njala, koma nsima ya chimanga, mpunga, mbatata, chinangwa, mawere, mapira ndi nsinjiro zilibe gluten. Kovuta ndi kusukulu ndi pamsika, kumene zitumbuwa amakazinga m'mafuta omwe akazingiramo mandasi, ndipo ena amathira ufa wa tirigu m'chigumu osanena. Abale ake a bere limodzi muwayezetsenso akamupeza nayo, chifukwa pa achibale oterewa pafupifupi mmodzi mwa 10 amakhala nayo.

Wofunsa uja: Zikomo kwambiri nonse. Amamwa piritsi 6 koloko, kenako nthawi yomweyo phala la mgaiwa losakaniza ndi soya amene timalima tokha, pamodzi ndi piritsi la magazi lija.

Wachipatala uja: Pamenepo palinso vuto lina, Mayi, chifukwa soya ndi ayironi zonse zimatchinga levothyroxine. Azimwa ndi madzi okha m'mimba mulibe kanthu, adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye, ndipo piritsi la magazi lisunthireni masana, patapita maola 4. Adokotala muwauze zimenezi pa ulendo womwewo wokayezetsa, ndipo mufunse ngati ayezanso kuchuluka kwa IgA yense, mtundu wa asilikali umene kuyezaku kumadalira, pakuti ikakhala yochepa tTG-IgA imatha kunamiza.