Gulu la Akum'mawa a pa Sitima za Pamadzi: Agogo afuna midnight buffet

Tisa wa ku Kapata: Akuluakulu, thandizeni chonde, nkhani yake ndi ya mawa m'mawa. Anandiika ku kauntala ya pizza ya usiku, kuyambira ma 22 mpaka ma 03. Lero kwabwera agogo ena achizungu ndi akazi awo, atatchena ndithu, akufunsa kuti midnight buffet, chakudya chodzitengera wekha cha pakati pa usiku, ili pa deki iti. Ndawayankha mwaulemu kuti kulibe, chomwe chilipo ndi pizza, masangweji ndi makeke. Akalipa koopsa, ati iwo anakwera sitima atangokwatirana ndipo inalipo, ati ine ntchito sindiidziwa. Awerenga dzina pa baji yanga n'kulilemba papepala. Manje supavaiza wati mawa ma 10 ndikaonekere ku ofesi. Ndikanene chiyani? Kapena chinthuchi chilipo pena pake ine osadziwa?

Zulu wa ku Bar: Asisi mwatchuka msanga, kontirakiti yoyamba dzina lili kale m'thumba mwa mzungu 😂

Amake Dalitso: Iwe Zulu, mwana ali pa mavuto. Tisa mwana wanga, ukaweruka ma 03 umadya chiyani? Ndiuze zoona.

Tisa wa ku Kapata: Amama, nthawi zambiri ndimangomwa madzi n'kugona. Ku mess, kodyera ife antchito, ndimapeza buledi ndi mpunga wozizira.

Amake Dalitso: Ndinadziwa. Ukadwala zilonda za m'mimba ndi khalidwe limenelo. Usanalowe shifiti uzidya chakudya chotentha ma 20, ngakhale ulibe njala. Uzikakamiza. Thupi ndi lomwe wabwera nalo kudzagwirira ntchito kuno.

Mwale wa ku Galley: Masitima ambiri akuluakulu amakhala ndi chakudya cha usiku ku crew mess cha anthu a shifiti ya usiku, koma chimatuluka chapakati pa usiku ndipo anyamata a ku injini ndi a security amachimaliza msanga. Pempha break yako igwe nthawi imeneyo. Komanso dziwana ndi wophika wa ku mess, umupatse moni tsiku lililonse, umufunse za kwawo. Adzayamba kukusungira mbale.

Sakala wa ku Petauke: Pa sitima yathu ino mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga usiku. Ophika a ku Philippines ndi a ku India amaphikira anzawo. Ife tilipo atatu chabe, atiphikira ndani nsima?

Amalume Jere: Mwana iwe, agogo amenewo sakunama. Midnight buffet inalipo, ndipo ine ndainyamula ndi manja angawa. Ndinayamba ntchito ya pa sitima m'zaka za m'ma 1990, ambiri a inu muli kusukulu ya pulayimale. Nthawi imeneyo alendo onse ankadya m'chipinda chimodzi chachikulu, magulu awiri: oyamba chakuma 18, achiwiri chakuma 20:30. Tebulo lomwelo, weita yemweyo, ulendo wonse. Pofika tsiku lachitatu umadziwa kuti uyu safuna anyezi, uyu amamwa tiyi wopanda shuga, uyu mdzukulu wake akudwala. Gulu lachiwiri likangotuluka, timachotsa zonse, kukoka matebulo, kuyala nsalu zatsopano. Kenako ophika amatulutsa zomwe akhala akukonza masiku awiri. Mbalame zosema kuchokera ku ayezi, zazitali kufika m'chifuwa mwa munthu, madzi akudontha pang'onopang'ono kumlomo kwake. Mavwende osemedwa maluwa. Buledi woumbidwa ng'ona, mano ndi mamba omwe. Zitseko zinkatsegulidwa kaye kuti anthu angojambula zithunzi, osakhudza kanthu, kenako ndiye kudya. Zinali ngati phwando la ukwati kumudzi, koma lobwera mlungu uliwonse. Ife tinkamaliza kutsuka ma 02 kapena ma 03, ma 06 tili kale pa breakfast.

Zulu wa ku Bar: Ndipo inathetsedwa ndi boma la America. Mzungu wina anadya nkhanu yogona pa buffet ya usiku n'kufera ku Bahamas. Zimenezi aliyense amadziwa.

Mwale wa ku Galley: Zulu, leka bodza. Palibe lamulo loletsa midnight buffet. A CDC, bungwe la zaumoyo la boma la America, ali ndi Vessel Sanitation Program kuyambira 1975, amabwera mosachenjeza sitima ikaima pa doko la ku America, amapereka mamakisi pa 100, ndipo mukapeza 85 kapena kutsika mwalephera. Chomwe amayang'ana ndi kutentha kwa chakudya, ukhondo, madzi, ndi nthawi. Chakudya chomwe chaikidwa pa time control, ndiye kuti chikuwerengedwa nthawi chili pa kauntala, chikakwana maola 4 chimatayidwa. N'chifukwa chake Tisa amamata timapepala ta nthawi pa thireyi. Koma kunena kuti analetsa kudya usiku, ayi.

Zulu wa ku Bar: Ine anandiuza ndi bar manager wa ku Jamaica, wakhala zaka zambiri kuposa iwe.

Sakala wa ku Petauke: Nonse mwaphonya. Ndi corona inathetsa zimenezi. Masitima ataima mu March 2020, pobwerera zonse zinali zitasintha, ngakhale supuni mlendo sankaloledwa kugwira yekha.

Amalume Jere: A Sakala, corona inapeza maliro atachitika kale. Ine ndinaona ndi maso. Mu 2000 a kampani ya masitima ya Norwegian anayambitsa Freestyle Cruising, kuti mlendo azidya nthawi yomwe wafuna, malo omwe wafuna, osavala tayi. Ena onse anatsatira ndi mayina awoawo: Princess ndi Anytime Dining, Royal Caribbean ndi My Time Dining, Carnival ndi Your Time Dining. Masitima anakula, malo odyera anachuluka, ena olipira padera. Tsono wina wadya ma 17, wina ma 21, wina wadutsa pa burger masana, adzamva njala limodzi pakati pa usiku ndani? Ndiponso chakudya chomwe tinkataya pa buffet ija, ukachiona mtima umawawa, makamaka ukakumbuka chaka cha njala kwathu. Makampani anawerengera ndalama n'kuona kuti kauntala imodzi ya pizza ndi anthu awiri ikukwanira. Anthu awiriwo ndiwe Tisa ndi mnzako.

Nyirenda wa ku Lundazi: Amalume, koma kale ma tip analipo ambiri, eti?

Amalume Jere: Usiku womaliza mlendo ankakupatsa envulopu m'manja, akukuyang'ana kumaso. Ena ankalira. Tinkazimitsa magetsi n'kuzungulira chipinda chonse titanyamula Baked Alaska, keke ya ayisikilimu ija, alendo akupukusa tinsalu ta patebulo m'mwamba. Lero ndalama imadulidwa pa akaunti ya mlendo, ndipo amene wadya kwa iwe Lolemba sudzamuonanso mpaka atsike. Ntchito inapepuka pena, sindikana. Koma ulemu wa weita unachepa.

Nyirenda wa ku Lundazi: Ine bola za lero. Kugona maola atatu chifukwa cha ng'ona ya buledi, ayi amalume.

Zulu wa ku Bar: Angoni akanapatsidwa mpata akanasema ng'ombe ya Nc'wala pa ayezi 😂

Amalume Jere: Iwenso ndiwe Mngoni, mphwanga, usadziiwale.

Tisa wa ku Kapata: Zikomo nonse, koma mawa ndikanene chiyani ku ofesi?

Admin Banda: Atsopano, timakuuzani kuti muziwerenga uthenga womwe tinaupachika pamwamba. Simuwerenga. Mukufika pa sitima osadziwa ngakhale malo odyera omwe ali pa deki yanu yomwe. Mlendo akakufunsa, iwe ndiwe sitimayo. Tsiku loyamba umayenera kutenga pepala la pulogalamu ya tsiku, lija amaika m'makabini a alendo, n'kuloweza nthawi zotsegulira ndi kutsekera.

Amake Dalitso: A Banda, mwanayu wayankha zoona, sanalakwe. Kukalipa kwanu kusungeni kaye.

Mwale wa ku Galley: Tisa, mvera. Tenga pepala la pulogalamu ya lero kapena jambula pa app pomwe alemba malo odyera a usiku. Lemba wekha papepala zomwe zinachitika, nthawi yake, mawu omwe ananena ndi omwe unayankha, usanagone, mutu ukadakumbukira. Mnzako wa pa kauntala akhale mboni. Ku ofesi usakangane, usalire, uwaonetse pepalalo. Akakupatsa chikalata cha warning, werenga chonse usanasaine, ndipo upemphe kuti mbali yako ilembedwepo. Nthawi zambiri amangofuna kumva kuti akamuyankhe mlendo.

Nyirenda wa ku Lundazi: Ine wina anandilembera complaint chifukwa ayisikilimu anali wozizira kwambiri. Zoona, sindikuseka. Maitre d', mkulu wa maweita, anaiwerenga n'kuiika m'dirowa.

Sakala wa ku Petauke: Nanga ine, mayi wina anaitanitsa room service ma 02, nditafika ndi thireyi akukana kusaina, ati kale zinali zaulere. Ndinaima pakhomo chakudya chikuzizira, iye akuimbira foni ku reception.

Mwale wa ku Galley: Pamenepo mayiyo amakumbuka zoona. Norwegian inayamba kulipiritsa $7.95 pa room service mu 2015, Royal Caribbean inachita chimodzimodzi mu 2017. N'chifukwa chake anthu otuluka ku casino ndi ku disco amathamangira ku pizza. Pa Royal Caribbean amapita ku Sorrento's kapena Cafe Promenade, pa Norwegian ku O'Sheehan's kapena The Local. Sitima iliyonse ili ndi pake pothawira usiku, ungodziwa pako.

Amalume Jere: Ndipo mwana wanga, tsiku lina akadzabwera agogo otere, usayambe ndi mawu akuti kulibe. Munthu wokalamba akafunsa midnight buffet sikuti ali ndi njala kwenikweni. Wakumbuka unyamata wake, wabweretsa mkazi wake kuti aonenso zomwe anaona kale. Uwafunse kuti inali bwanji, uwasiye afotokoze. Kenako uwauze zomwe zilipo usiku uno, uwapezere pokhala, uwatengere mbale wekha. Ukawauzenso za usiku wovala bwino, poti ambiri a msinkhu umenewo amaukonda. Pa Cunard mpaka lero amavalabe masuti akuda pa gala. Akapitiriza kukalipa, itana supavaiza nthawi yomweyo, dzina lolembedwa likhale lake.

Zulu wa ku Bar: Koma asisi, pizza yotsala ija mumaitaya yonse? Kabini yanga ili pafupi.

Admin Banda: ZULU. Usamuphunzitse mwana zimenezo. Tisa, chakudya cha alendo usadye pa kauntala, usapite nacho ku kabini, ngakhale chikupita ku bini. Makamera ali paliponse. Anthu abwerera kwawo chifukwa cha kagawo kamodzi ka pizza. Ketulo ndi kachitofu m'kabini n'zoletsedwanso, pa sitima chomwe amaopa kwambiri ndi moto.

Sakala wa ku Petauke: Ndamva kuti sitima zonyamuka ku Durban amaphika pap, nsima ya ku South Africa, ku mess tsiku lililonse. Amene ali kumeneko atsimikize, ndipemphe transfer.

Nyirenda wa ku Lundazi: Ku Miami gulani Harina P.A.N. yoyera, ufa wa chimanga wa anthu a ku Venezuela. Mukampatsa wophika wa ku mess n'kumuonetsa kavundulidwe, imatuluka pafupifupi nsima. Siifika pa ufa wa kuchigayo, koma m'mimba mumakhala bata.

Amake Dalitso: Mwanditengera kutali. Ine usiku ngati uno ndimangofuna mkute wa nsima ndi chibwabwa chotendera, nditakhala pamphasa kwathu ku Katete, ana akukangana za malo ogona. Kuno ndimayala mabedi a anthu, wanga Dalitso akudzipangira yekha tiyi popita kusukulu. Chaka chino Kulamba indipitanso ndili pa nyanja.

Zulu wa ku Bar: Amama musatilize. Ine ndikatsika basi ya ku Lusaka, choyamba ndi nsomba zouma za pa Luangwa Bridge, chachiwiri chiwaya cha pa Kapata, chachitatu ndiye kupereka moni kwa abale.

Amalume Jere: Nshawa zatsopano zophika, za Chalimbana, zotentha m'mbale. Pa matebulo onse omwe ndayalapo sindinapezepo zoposa zimenezo.

Mwale wa ku Galley: Tibwerere kwa Tisa pang'ono, pali chinthu chomwe palibe wachitchula. Ukuweruka ma 03, akukuitana ma 10, ndiye shifiti ina uyamba nthawi yanji? MLC 2006, pangano la mayiko la ufulu wa ogwira ntchito pa sitima, imati wogwira ntchito pa sitima apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa masiku 7. Maola opumawo asagawidwe koposa pawiri, ndipo gawo limodzi lisachepere maola 6. Imatinso chakudya ndi madzi akumwa n'zaulere nthawi yonse ya kontirakiti. Choncho kupempha chakudya chotentha pa shifiti ya usiku si kupempha chifundo. Uzilemba maola ako enieni, usalole wina akulembere.

Admin Banda: Zoona, koma pa kontirakiti yoyamba usalowe mu ofesi ukutchula malamulo. Yamba ndi nkhani ya agogowo, ikatha ufunse za break mofatsa. Zikakanika pali HR, pali ITF, mgwirizano wa mabungwe oimira antchito a zamtengatenga.

Mwale wa ku Galley: A Banda, kuopa kumeneku n'komwe kumatidwalitsa.

Admin Banda: Si mantha, a Mwale. Ine ndaona ambiri odziwa malamulo akutsika ndi zikwama pa doko loyamba.

Tisa wa ku Kapata: Ndalemba zonse papepala, mnzanga wa ku Indonesia wavomera kukhala mboni. Pulogalamu ndajambula. Amalume, ndikawaonanso agogo aja mawa usiku, ndiwalankhule kapena ndiwasiye?

Amalume Jere: Uwapatse moni ndi dzina lawo, ulipeza ku ofesi konko. Uwafunse za sitima yomwe anakwera atangokwatirana.

Phiri watsopano: Moni akuluakulu, andilowetsa lero. Pali agent wina ku Lusaka akufuna ndalama yoti andipezere malo pa sitima, ati ndilipire sabata ino. Ndi zoona?

Admin Banda: Wina uyu wosawerenga uthenga wa pamwamba. Usalipire. Agent weniweni salipiritsa munthu kuti amupezere ntchito ya pa sitima, MLC yomweyo imaletsa. Zako ndi pasipoti, medical ndi seaman's book basi. Nditumizire ku inbox zomwe wakulembera.

Sakala wa ku Petauke: Amene akutsika mwezi uno kupita ku Chipata andiuze, ndili ndi foni ya amayi yoti ikasiyidwe pa Petauke turn-off. Mlongo wanga adzadikira pamsewu.