Tabuleti ija ndinagula

Zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha nditafunsa ngati tabuleti yochotseka kiyibodi ingalowe m'malo mwa laputopu. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndisatenge ya Android koma ya Windows, ya RAM 8GB (RAM ndi memore yothandiza kuti mapulogalamu aziyenda mosachedwa). Ndinaipeza ku Limbe, yogwirapo kale ntchito.

Ndi yopepuka zedi, popita kuntchito ku Ginnery Corner chikwama sichindilemeranso. Word ndi Excel zikuyenda bwinobwino, ndipo magetsi akazima batire limandipirira ndithu. Koma kulembera pamiyendo ayi, imangogwedera, imafuna tebulo. Pobayira fulashi ndi pamodzi pokha, moti ndinachita kugula kachipangizo koonjezera mabowo.

Amene mukufuna kugula, funsani kaye ngati kiyibodi ili pamtengo womwewo. Ine ndinadziwira pakauntala kuti amagulitsa payokha, ndalama ya thiransipoti inathera pomwepo.