Kodi "diso lamataya" ndi "diso lankhwenzule" m'buku la Miyambo n'chiyani?

Wotsogolera phunziro la Baibulo, Chipata:

Abusa ndi akuluakulu amene muli pano, ndithandizeni. Mu Buku Lopatulika, Miyambo 22:9 imanena za mwini "diso lamataya", kuti adzadala popeza apatsa osauka zakudya zake. Kenako 23:6 ndi 28:22 zimanena za mwini "diso lankhwenzule". Mawu awiriwa achinyamata a kuno ku Chipata sakuwamva. Ena m'gulu lathu akuti diso lankhwenzule ndi diso la mfiti, lija loyang'ana mwana n'kumudwalitsa, ndipo akulilumikiza ndi diso loipa la pa Mateyu 6:23. Chihebri chimati bwanji pamenepa? Nanga diso "la kumodzi" la pa Mateyu 6:22 ndi diso lotani?

Mbusa wopuma, Katete:

Bambo, pa 22:9 Chihebri chili ndi mawu awiri, tov ayin, ndiko kuti "wabwino diso". Pa 23:6 ndi 28:22 pali ra ayin, "woipa diso". Uwu ndi mkuluwiko wa Ahebri wonena za kupatsa ndi kumana, ndipo mavesiwo amadzimasulira okha. Wa diso labwino adalitsidwa chifukwa natan millachmo laddal, wapatsa wosauka gawo la chakudya chake. Kachilembo ka mi- koyambako kakutanthauza "kuchokera pa", kusonyeza kuti watapa pa chakudya chimene akanadya iye mwini.

Wa diso loipa mumupeza pa 23:6-8. Akukuitanira pa chakudya, akuti idya, imwa, koma mumtima akuwerengera nthongo iliyonse imene wameza, mpaka udzasanza zimene wadyazo. Pajatu vesi 7 ija anthu amakonda kuilalikira yokha, kuti monga munthu asinkha mumtima ali wotero, ngati chiphunzitso cha kuganiza zabwino kuti ulemere. Vesiyo ikunena za munthu woumira amene wakukhazika pa mphasa mosafuna.

Malo amene mkuluwikowu ukuoneka bwino kuposa onse ndi Deuteronomo 15:7-11. Lamulo linali lakuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse ngongole za abale zikhululukidwe. Ndiye wosauka akabwera kudzakongola chakacho chitayandikira, mwini chuma ankaona kuti zake sizidzabwerera, n'kukana. Vesi 9 ikutcha zimenezi kuti diso lako laipira mbale wako wosauka, osamupatsa kanthu. Vesi 7 ikuti usaumitse mtima, usafumbate dzanja, vesi 8 ikuti tambasula dzanja. Diso, mtima ndi dzanja zikunena chinthu chimodzi.

Mphunzitsi wa Chinyanja, Chadiza:

Abusa afotokoza bwino, ine ndiwonjezereko za chilankhulo chathu. Munthu wamataya ndi amene amapatsa mosaumira, wosayeza ndi meda pogawira mlendo ufa. Nkhwenzule ndi kuwawidwa mtima poona chako chikupita kwa wina, kapena poona mnzako zikumuyendera. Lero tingati womana, woumira, wouma manja, wakaduka. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anachita mwanzeru kwambiri pamenepa. Akanangolemba kuti "diso labwino" ndi "diso loipa", owerenga akanaganiza za maso okongola kapena odwala. Iwo anasunga diso la Chihebri n'kulipatsa mawu athu onena za kupatsa ndi kumana. Mawuwo angokalamba, sanalakwike.

Za diso la kumodzi, muwachenjeze ana kuti si munthu wa diso limodzi. Wa diso limodzi ali pa Mateyu 18:9, ndipo kumeneko nkhani ndi ina.

Wophunzira zaubusa, Petauke:

Amayi anena zoona. Pa 18:9 Chigiriki chili ndi monophthalmos, pomwe pa 6:22 pali haplous, nambala G573 mu Strong, buku lopatsa nambala mawu a Chihebri ndi Chigiriki a m'Baibulo. Liwuli m'Chipangano Chatsopano likupezeka kawiri kokha, pano ndi pa Luka 11:34. Tanthauzo lake loyamba ndi chinthu chosapindidwa pawiri, chosagawanika. Losemphana nalo ndi diplous, chowirikiza. "La kumodzi" yachokera pamenepo.

Popeza malo awiri ndi ochepa, timayang'ana abale ake a liwulo. Haplotes, G572, ili pa Aroma 12:8 ponena za wogawira ena, pa 2 Akorinto 8:2 ponena za mipingo ya ku Makedoniya imene inapereka ili pa umphawi waukulu, ndi pa 9:11 ndi 9:13 ponena za chopereka chomwecho cha oyera mtima a ku Yerusalemu. Haplos, G574, ili pa Yakobo 1:5, Mulungu wopatsa onse mosaumira ndi mosatonza. Ndiye onani pomwe Yesu waika mawu a disowo. Pamwamba pake, 6:19-21, pali chuma cha padziko ndi cha kumwamba. Pansi pake, 6:24, pali Mulungu ndi mamonas, liwu la Chiaramu lotanthauza chuma. Mavesi a diso ali pakati pa nkhani ziwiri za ndalama. Kwa ine diso la kumodzi ndi diso lamataya lomwe lija, ndipo ophthalmos poneros, diso loipa la pa vesi 23, ndi ra ayin yovala Chigiriki. Paja makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo vesi 20 ikunena kumene munthu amaika.

Mbusa wopuma, Katete:

Mwana wanga, pa diso loipa ndikugwirizana nawe kwathunthu. Mateyu 20:15 ikuchitira umboni: mwini munda wamphesa walipira dinari imodzi kwa aganyu onse, oyamba m'mamawa ndi olowa ntchito ola limodzi lotsiriza, ndipo akufunsa wodandaulayo ngati diso lake laipa chifukwa iye ndi wabwino. Mawu ake ndi omwewo, ophthalmos ndi poneros.

Koma pa haplous usatseke chitseko msanga. Haplotes yomweyo pa Aefeso 6:5 ndi Akolose 3:22 ikunena za kutumikira ndi mtima umodzi, osati zopereka, ndipo pa 2 Akorinto 11:3 ikunena za kukhulupirika kosagawanika kwa Khristu. Vesi 24 ya akapolo a ambuye awiri ikukokera komweko. Ine ndimaphunzitsa zonse ziwiri pamodzi: diso loyang'ana kwa Mbuye mmodzi silivutika kupatsa. Kunena kuti haplous imangotanthauza kupatsa basi ndi kupitirira umboni umene tili nawo.

Ndipo poti ambiri tsopano muli ndi Strong pa foni, kudzera mu Blue Letter Bible kapena STEP Bible, ndinene pamene anthu amagwera. Buku la James Strong la 1890 limapereka nambala kwa liwu lililonse palokha. Ayin ndi H5869, tov ndi H2896, ra ndi H7451. Ukadina ayin yokha ikutulutsira mavesi mazana ambiri, ndipo mkuluwiko suuona, chifukwa tanthauzo lili m'mawu awiri atakhala pamodzi. Uyenera kufufuza mavesi amene H5869 ili moyandikana ndi H7451 kapena ndi mneni wake wa kuipa, monga pa Deuteronomo 15:9 ndi 28:54 ndi 56.

Ukawapeza, yang'ananso kamangidwe kake. Pali tov be'einei, "chabwino m'maso mwa", monga pa Genesis 16:6 pamene Abramu auza Sarai kuti achitire Hagara chimene chimukomera. Mawu ndi omwewo, nambala ndi zomwezo, koma kachilembo ka be- kasintha zonse. Pamenepo palibe za kupatsa. Chinanso, ayin imatanthauzanso kasupe, monga pa vesi yotsatira yomwe, Genesis 16:7, ndi m'dzina la malo En Gedi. Mlaliki akaona matanthauzo onse pa mndandanda amayamba kunena kuti diso lamataya ndi kasupe wa madalitso. Zimamveka zokoma pa guwa, koma wolemba Miyambo sananene zimenezo. Liwu limanyamula tanthauzo limodzi pa chiganizo chimodzi, ndipo chiganizocho ndicho chimasankha.

Wotsogolera phunziro la Baibulo, Chipata:

Zikomo kwambiri abusa, amayi ndi inu akulu. Chatsala ndi cha ufiti chija. Wina wabweretsa Agalatiya 3:1, pamene Paulo afunsa kuti anawalodza ndani, ndipo akuti liwu la pamenepo ndi la diso loipa. Ndiwayankhe bwanji?

Wophunzira zaubusa, Petauke:

Wanenayo wawerenga bwino, musamutsutse pa liwulo. Pa Agalatiya 3:1 pali baskaino, G940, ndipo m'Chipangano Chatsopano ili pamenepo pokha. Agiriki ankaligwiritsa ntchito ponena za kulodza ndi diso komanso za kaduka. Septuagint, Chipangano Chakale cha Chigiriki chimene Ayuda anayamba kumasulira ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, inaika baskanos pa Miyambo 23:6 ndi 28:22. Choncho chikhulupiriro cha diso lovulaza chinalipo m'maiko amenewo.

Koma muwafunse kuti m'mavesi athuwa wovulala ndani. Diso la mfiti amati limapweteka woyang'anidwayo. Pa Miyambo 28:22 umphawi ukugwera mwini disoyo, amene akuthamangira chuma. Pa Mateyu 6:23 thupi lodzala mdima ndi la mwini disoyo. Pa Marko 7:21-23 ophthalmos poneros ili pa mndandanda wa zotuluka mumtima pamodzi ndi umbava, chinyengo ndi kudzikuza, ndipo zimadetsa munthu amene zatulukamoyo. Kwa Agalatiya, Paulo akunena za aphunzitsi amene anawasokoneza ndi nkhani ya mdulidwe ndi chilamulo, werengani chaputala chonsecho. Nkhaniyi ndimaitenga mozama, chifukwa m'midzi yathu nkhalamba yosalakwa imatha kuthamangitsidwa ponamiziridwa ufiti, ndipo vesi yomasuliridwa molakwa imapatsa mphamvu oithamangitsawo.

Mbusa wopuma, Katete:

Ndiwonjezere umboni umodzi wokhala ndi manambala, achinyamata amamva msanga zoterezi. Mu Mishnah, malamulo a arabi amene anasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, gawo la Terumot 4:3 likunena za zokolola zopatulira ansembe. Wa diso lokoma amapereka gawo limodzi pa 40, wapakatikati limodzi pa 50, wa diso loipa limodzi pa 60. Mlimi wokolola matumba 120 a chimanga, ngati ali wa diso lokoma apatula matumba 3, ngati ali wa diso loipa apatula 2. Onse awiri apereka, kusiyana kwake ndi thumba limodzi, koma arabi anaona kuti thumba limenelo likuwulula diso la munthu. Bukuli linalembedwa Yesu atapita kale ndipo si Malemba, choncho muligwiritse ntchito pongosonyeza kuti Ayuda anapitiriza kuyeza diso ndi kupatsa.

Pophunzitsa, bambo, muyambe ndi Deuteronomo 15, mubwere ku mavesi atatu a Miyambo, kenako Mateyu 20:1-15, ndipo 6:19-24 ikhale yotsiriza. Muwerengetse ndime yonse mokweza, kuyambira vesi 19 mpaka 24, osadumpha 22 ndi 23.