Galu uja wayambanso kuponda bwino

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa za galu wanga, yemwe anayamba kutsimphina mwadzidzidzi mwendo wakumbuyo atalumpha ngalande. Ambiri munandiletsa kumupatsa mankhwala a anthu, makamaka ibuprofen, ndipo dokotala wa ziweto anatsimikiza kuti mankhwalawa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso za galu.

Monga munalangizira, ndinayamba ndayang'ana pakati pa zala ndi pansi pa phazi ngati panali munga kapena chikhadabo chothyoka, koma sindinapeze kanthu. Popeza kunacha galuyo akadali wopachika mwendo m'mwamba, ndinapita naye kwa dokotala. Atamujambula pa X-ray anapeza kuti fupa silinathyoke, koma anabinya pabondo. Anandipatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa otchedwa meloxicam oti ndizimumwetsa akadya, n'kundiuza kuti asathamange kapena kulumpha, azituluka ali pachingwe basi.

Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti ululu utangochepa iye anafuna kuthamanga ngati kale, pomwe bondolo linali lisanapole. Apa m'pamene pamafunika kulimba mtima, chifukwa mukamumasula msanga amadzivulazanso. Panopa akuponda bwino, ngakhale kuti ndikumuyendetsabe pang'onopang'ono.

Kwa amene angakumane ndi vutoli, dziwani kuti galu amene akumva ululu amatha kuluma ngakhale mwini wake, choncho mumangeni kukamwa ndi nsalu yofewa musanagwire mwendowo. Mukaona mwendo ukulendewera, watupa kwambiri kapena fupa likuonekera, musadikire kuti kuche.