Otsatsa malonda akufuna kulipira magazini itatuluka kale: titani?

Mkonzi, Mangochi boma:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Magazini yathu ya ndakatulo ndi nthano ndi ya A5, masamba 32 kuphatikizapo chikuto, makope 500. Otsatsa malonda alipo asanu ndi mmodzi, koma anayi akuti alipira akaiona itatuluka, pomwe osindikiza akufuna zawo asanayatse makina. Wina wa malo ogona alendo kunyanja wakaniratu, ati chithunzi chake chinatuluka chachimbuuzi.

Wosindikiza:
Achimwene, chithunzicho chinabwera pa WhatsApp, si choncho? WhatsApp imafinya zithunzi. Azitumiza ngati document kapena pa imelo. Tsamba lathunthu la A5 ndi 148 mm ndi 210 mm, ndiye pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pafunika mapikiselo pafupifupi 1750 ndi 2480, kuwonjezapo 3 mm mbali zonse yoti mpeni udule. Chithunzicho chisintheni chikhale CMYK, mitundu ya inki yosindikizira, musanatipatse. Mukachisiya RGB, mitundu ya pa foni ndi kompyuta, buluu wa nyanja amatuluka wozilala. Kenaka sindikizani tsamba limodzi, mwini malonda asainepo. Akasaina, mlandu watha.

Chinanso, pepala limodzi la A4 mukalipinda limabala masamba anayi, ndiye anu 32 ndi mapepala 8. Malonda a mitundu aikeni pa masamba 2, 31 ndi 32, ndiponso pakati, 15 mpaka 18. Mukaika amodzi pa tsamba 7, mulipiriranso tsamba 26, poti ali mbali imodzi ya pepala.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma ntchito:
Vutoli ndi lakale, mwanawe. Alembi a gulu la Writers Group, omwe anayamba ku Chancellor College mu 1970, ankadalira makina opukusira mapepala a pakoleji, ndipo magazini ya Odi inali ya anthu ochepa. Magazini ya Moni, yomwe inayamba mu 1964 ku Limbe, inakhala zaka zambiri chifukwa kumbuyo kwake kunali makina a Montfort Press, komanso nthano zinkayendera limodzi ndi nkhani zina ndi malonda.

Koma samalani ndi ndalama yochokera dzanja limodzi. Magazini ya Transition ya ku Kampala, yomwe Rajat Neogy anayambitsa mu 1961, inkathandizidwa ndi Congress for Cultural Freedom. Mu 1967 zitaululika kuti bungwelo linkalandira ndalama za CIA, bungwe la ukazitape la America, mbiri ya magaziniyo inadetsedwa ngakhale zolemba zake zinali zapamwamba. Nayo Drum ya ku Johannesburg inkasindikiza alembi odziwika, pambali pake pali malonda a mafuta oyeretsa khungu. Owerenga amaona zonsezo pamodzi. Kuno Asilamu ndi ambiri, ndipo sukulu ndizo zingagule makope ochuluka. Malonda a mowa kapena a njuga akutsekerani zitseko zimenezo.

Woona za malonda pa wailesi:
Zoona bambo. Akonzi, lembani mitengo papepala limodzi: chikuto chakumbuyo chikwere koposa, kenaka masamba 2 ndi 31, kenaka tsamba lathunthu la mkati, theka ndi kota. Theka la tsamba lisakhale theka la mtengo, likwereko pang'ono, apo ayi aliyense asankha theka. Tengani mtengo wonse wa osindikiza, muugawe pa masamba a malondawo kuti aubweze wonse. Zogulitsa makope zikhale za alembi ndi thiransipoti. Masamba 8 mwa 32 akwanira, mukapitirira owerenga ndakatulo adandaula.

Lamulo likhale loti theka alipire posungitsa malo, lotsalalo posaina tsamba lija. Wosamaliza pofika tsiku lotseka, malo ake ilowepo ndakatulo, ndiye muzikhala ndi ziwiri zodikirira.

Wosindikiza:
Mtengo wathu tiziulemba kuti ugwira masiku 14 okha. Mapepala ndi inki zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo inasintha sabata yomweyo.

Woona za malonda pa wailesi:
Muonenso nyengo. A malo ogona alendo apiteni mu Okutobala, akukonzekera Khirisimasi. Ogulitsa maukonde ndi zipangizo za maboti musawavutitse mu Novembala ndi Disembala, nyanja imakhala yotseka kwa a makoka.

Mkonzi, Mangochi boma:
Nanga anayi ajawa, poti tinagwirizana pakamwa?

Woona za malonda pa wailesi:
Apititseni pepala la mitengo ndi tsamba lawo losindikiza mawa lomwe. Wolipira theka sabata ino mumupatse tsamba 31 pa mtengo wa tsamba la mkati, kamodzi kokha.