Pisitoni ya kalipa yachita dzimbiri, buleki siikubwerera

Wa ku Mchesi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda XR150L pano. Mwini wake dzinja lonse wakhala akuwoloka nayo mitsinje popita kumidzi, kenako anaiimika miyezi itatu. Tsopano buleki yakutsogolo ikagwira siisiya. Ukayenda pang'ono disiki yatentha moti sungaikhudze. Ndamasula kalipa, kachipangizo kamene kamapana disiki ndi mapadi, mapisitoni onse awiri ali ndi dzimbiri m'mphepete. Imodzi ikutuluka ndikafinya handulo, inayo yangoti gwa. Mnyamata wanga akuti tiikoke ndi pulayala, tiiviike mu petulo usiku wonse. Mtima wanga ukukana.

Madala a ku Limbe:
Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona. Pulayala isayandikire kunja kwa pisitoni. Mano ake akangolemba pamenepo, chizindikirocho chidzang'amba labala yotchinga mafuta mu kalipa nthawi iliyonse pisitoni ikadutsa. Paipi ya mafuta a buleki mwaichotsa kale?

Wa ku Mchesi:
Ayi madala, ikadali yomanga.

Madala a ku Limbe:
Ndiye mwachita bwino, musaichotse. Mphamvu yotulutsira pisitoni ili momwemo. Panani yomwe ikuyendayo ndi kilampu kapena kathabwa kuti isasunthe, kenako pompani handulo pang'onopang'ono, mafuta onse akankhe youmayo. Muziwonjezera mafuta m'kathanki pamwamba, asathe. Ikatuluka mpaka pafupi kugwa, ipaneni nayonso, mutulutse inzake kufika pomwepo. Zotsalazo ndi zala zokha. Ikani chiguduli pansi, mafuta a buleki amadya penti.

Wa ku Chipata:
Ine ndimaombera ndi kompuresa, imatuluka kamodzi n'kamodzi.

Mayi wa galaja ya ku Zomba:
Kompuresa imagwira inde, koma ikani thabwa pakati ndipo zala zikhale kutali. Pisitoni youma ikamasuka ndi mpweya imatuluka ngati mwala wa pa legeni. Ndinaona mwana wophunzira ntchito atasweka chala ndi imeneyi, chikhadabo chonse chii kuda. Koma achimwene a ku Mchesi, musanafike kutali: munayesa kumasula nipo ya mpweya kalipa ili panjinga? Tayala likamasuka mafuta akangotuluka pa nipo, vuto lili pamwamba, kabowo kobwezera mafuta mu master cylinder, kapampu ka pa handulo kaja, katsekeka, kapena paipi yawonongeka mkati. Likakhalabe lolimba, ndiye kalipa.

Wa ku Mchesi:
Ndinayesa mayi, tayala silinamasuke. Ndachita momwe anenera madala, onse awiri atuluka. Mafuta ake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, pansi pali tizinyalala. Pisitoni imodzi ndi dzimbiri la pamwamba chabe. Inayo ili ndi timadontho takuda. Ndiipale ndi sandipepa?

Madala a ku Limbe:
Yambani mwaitsuka ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, muiumitse bwino, muone chomwe chatsala. Kenako kasiponji ka Scotch-Brite kofewa, konyowetsa ndi mafuta a buleki. Ngati pakufunikadi pepala, likhale la madzi la nambala 1500 kapena 2000, mozungulira pisitoni, osati mopita uku ndi uku m'litali mwake. Sandipepa ya matabwa ayi. Pisitoni zachitsulozi zimakutidwa ndi kachikopa kowala kopyapyala kwambiri, mukakapala dzimbiri lidzabwerera msanga kuposa poyamba.

Mukatha, yendetsani chikhadabo pa timadonthoto. Chikakodwa, ndi dzenje limenelo, ndipo dzenje silipukutika. Likakhala kunsonga komwe sikulowa mu labala, ingathe kugwirabe ntchito. Likakhala pomwe labala imadutsa, itayeni. Lero singadonthe chifukwa mapadi atsopano aikankhira mkati, koma mapadi akamatha pisitoni imatulukira kunja, dzenje lija n'kufika pa labala. Limafika munthu ali pa mtsetse atanyamula mnzake kumbuyo.

Mayi wa galaja ya ku Zomba:
Ndionjezere pomwe ambiri timadumpha. Tonse maso amathamangira pa pisitoni chifukwa dzimbiri lake likuoneka, koma chomwe chimaigwira nthawi zambiri chili kuseri kwa malabala. Chotsani onse awiri, yotchinga fumbi yakunja ndi yogwira mafuta yamkati, muyang'ane m'mizere momwe amakhala. Mupezamo zoyera zouma ngati mchere. Ndi aluminiyamu ya kalipa yadyeka ndi madzi. Zoyerazo zikakula zimakankha labala, labala n'kufinya pisitoni. Paja palibe sipuling'i yobweza pisitoni mu kalipa. Ndi labala yamkatiyo imapindika pang'ono mukafinya, mukasiya imawongoka n'kuikoka. Ikafinyika ndiye kubwerera kwatha. Mutha kuwalitsa pisitoni ngati galasi, mizere mukaisiya yakuda njinga ibweranso sabata yamawa. Ine ndimakokota ndi kamtengo kosongola kapena kawaya kofewa kamkuwa kopinda kunsonga, mpaka m'makona. Zimatenga nthawi, theka la ola pa kalipa imodzi silichuluka.

Wa ku Mchesi:
Mayi mwalasa. Ndachotsa labala yakunja, mzere wonse wadzaza zoyerazo, zikugwa ngati ufa. Nanga petulo uja, potsukira kalipa yokha?

Wa ku Chipata:
Aise, petulo, palafini, oyilo wa injini, WD-40, girizi wamba, zonsezi zisakhudze labala za buleki. Labala imeneyi imafufuma ikakumana ndi mafuta otere. Tsukirani sopo ndi madzi kapena brake cleaner, muumitse. Pomanga pakani mafuta a buleki atsopano, kapena girizi wofiira wa labala pang'ono. Ndipo mapini omwe kalipa imatsetserekera muwatsukenso, muwapake girizi wa silikoni. Akauma, padi imodzi imadyeka yokha.

Madala a ku Limbe:
Malabala ikani atsopano. Pisitoni ilowe ndi zala zazikulu ziwiri, mowongoka. Ikafuna hamala, china chake sichili bwino, tulutsani muyambirenso. Mtundu wa mafuta werengani pa chivundikiro cha kathanki, DOT 3 kapena DOT 4, a m'botolo losatsegula. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizika ndi amenewa. Ndipo muwauze eni njinga kuti mafutawa amamwa chinyezi. DOT 4 watsopano amawira pa madigiri 230 kupita m'mwamba, atamwa madzi amatsika mpaka cha m'ma 155. Madzi omwewo ndi amene amadya kalipa mkati. Zaka ziwiri zilizonse azisintha.

Wa ku Mchesi:
Ndabwera ndi malipoti. Chikhadabo chinakodwa pa madontho atatu, onse pakati penipeni, ndiye pisitoni imeneyo ndasintha. Mwini wake anadandaula za mtengo, ndinamupatsa aigwire yekha ndi chikhadabo, anavomera. Inayo yayera ndi kasiponji kokha. Mizere ndakokota, malabala anayi atsopano, mawashala a mkuwa pa bawuti ya paipi atsopanonso. Pochotsa mpweya panandivuta pang'ono, handulo inali yofewa mpaka nditagogoda paipi ndi chogwirira cha sikuludiraiva, tithovu tinakwera. Tsopano ndikazunguza tayala likuyenda lokha, ndikafinya likuima, ndikasiya likumasuka. Ndayenda nayo mpaka ku Biwi n'kubwerera, disiki ndi yofunda chabe. Zikomo madala, zikomo mayi, nanunso aise wa ku Chipata. Mnyamata wanga ndamupatsa kalipa ina yakale aphunzirepo kukokota mizere.